Moshila ya Atsibweni Sandalamu

Atsibweni Sandalamu tinawaika mwezi watha, fodya atangolowa m'zigafa. Pa maliro analankhula anthu ambiri, ndipo aliyense amene anaimirira anatchula za moshila, chikwama chakumsana chija ankayenda nacho m'mawa uliwonse chodzaza miyala. Anthu ankaseka misozi ili m'masaya. Nanenso anandipempha kuti ndinenepo mawu, popeza ndine mwana wa mlongo wawo, koma ndinati pakhosi pandiwawa. Linali bodza. Cha kutsogolo, pakati pa amayi oimba, panali a Nambewe, mkazi wa malemu Kalisto, ndipo ndinaopa kuti ndikatsegula pakamwa iwo akundiyang'ana, patuluka zimene ndakhala ndikubisa kuyambira nthawi ya nkhondo.

Mmene Kalisto anafera tinkadziwa awiri, ine ndi atsibweni. Tsopano mmodzi wagona. Kulemba ndinaphunzira imvi zitamera kale, ku alfabetizasau, sukulu ya akuluakulu ija inkachitikira kuseri kwa tchalitchi, choncho dzanja langa ndi lolemera pa pepala. Koma munthu uja sangathere m'nthabwala za pa maliro, ndipo ine sindingamufotokoze bwino ndikapitiriza kubisa mbali yanga.

Anali munthu wamfupi, wa miyendo ya matewe, khosi lokhuthala ngati la ng'ombe ya pa goli. Ankadzuka kukangoyera, n'kusukusula, n'kukhala pa mtondo wakale kuti asamale mapazi. Ankawapukuta chala chimodzichimodzi, n'kuvala meya, masokosi aja, ziwiri phazi lililonse, kenako mabota. Akatero ankatsamiritsa moshila pa nkhokwe, n'kunyonyomala moifulatira, n'kulowetsa mikono m'malamba, n'kudzuka nayo kamodzi osabuula.

Moshilayo inali ya nsalu yolimba yobiriwira imene dzuwa linaisandutsa yotuwa. Malamba ake oyamba anatha kalekale. Anasokererapo ena odula ku thayala la mota, njinga yamoto ija, n'kuwakulunga ndi nsanza kuti asadye mapewa. Miyala sankatola wamba. Ankasankha ya kumtsinje, yosalala, n'kuikulunga m'chitenje chakale cha malemu akazi awo, yolemera kwambiri n'kuiika pamwamba chogunda msana. Ankati katundu sapha munthu, chimapha ndi kamangidwe kake. Zaka zimene tinabwerako ku Malawi kothawa nkhondo ankanyamula vinte kilo, makilo makumi awiri. Kenako anatsitsa pa kinze, khumi ndi asanu. Chaka chathachi anali pa dez, khumi okha, ndipo nkhani imeneyi sankafuna kuti imveke kwa anthu.

Njira yawo inali imodzi. Inkayambira kuseri kwa dimba lawo, n'kukwera phiri la kum'mawa kwa mudzi, n'kutsikira kumtsinje, n'kudzera pakhomo pa a Nambewe, n'kudzatulukira pa tchalitchi. Munthu wopanda kanthu amaiyenda maola awiri. Iwo ankaiyendanso maola awiri, ndi miyala yawo. Sankathamanga ndipo sankaima kuti acheze. Ukawapatsa moni ankayankha akuyenda, ndipo ngati nkhani yako inali yaitali unkayenera kuwatsatira. Alipo amuna ambiri kuno ku Chidzolomondo amene analandira malangizo a m'banja ali wefuwefu pa chitunda.

Mvula sinkawaletsa, ngakhale nyengo yolima. Ankayamba ayenda, kenako n'kupita kumunda anzawo atalima kale mizere ingapo, ndipo sankaona cholakwika. Ankati kulima kumalimbitsa mikono koma kumapinda msana, pomwe katundu womangidwa bwino amauwongola. Maondo ankawafanizira ndi khasu, lija ukalisiya pakhonde nyengo imodzi umalipeza litachita dzimbiri.

Zonsezi anazitenga ku tropa, ku usilikali kumene anawatengera ali mnyamata, ine ndisanadziwe kanthu. Za mfuti sankakamba. Ankakamba za marsha, ulendo wa pansi umene ankawayendetsa ndi moshila zodzaza mchenga kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kuti tsiku lonyamula zipolopolo ndi chakudya msana usadzadabwe. Ankati msilikali amayambira kumapazi, ndipo amene matuza amugonjetsa, mfuti yake yasanduka ndodo. Wowaphunzitsa ankayenda kumbuyo kwa mzere n'kumakweza moshila ya aliyense ndi dzanja limodzi. Akapeza kuti wina wataya mchenga m'njira, ankamudzazira wina wonyowa.

Dzanja limenelo atsibweni anabwera nalo kumudzi. Sankatha kuona katundu wa munthu osamukweza. Pa msika mayi akangotula dengu la nyemba, iwo afika kale, akweza, atsinzina diso limodzi.

"Dezoito," ankatero, kutanthauza makilo khumi ndi asanu ndi atatu. "Koma zolemera mwaika mbali imodzi, mayi. Khosi limenelo mukufuna lidzaone adzukulu?"

Ogula fodya sankawakonda, chifukwa sikelo ikanena zake alimi ankatembenuka kuyang'ana a Sandalamu.

Wolimbana nawo kwambiri anali mwana wawo Rozita, amene anakwatiwa ku Tsangano. Akabwera kudzacheza, mkangano unkayamba asanatule n'komwe katundu wake.

"Ababa, anthu akutiseka. Akuti ana a Sandalamu alephera kusamala bambo awo, mpaka ayamba kusenza miyala ngati amisala."

"Amene akusekawo abwere tikwere phiri."

"Mudzagwa nokha kutchire, ife tidzakupezani poona miimba."

"Ndiye sudzavutika kufuna miyala ya pa manda. Ndidzakhala nditafika nayo kale."

Ulendo wina Rozita anabisa moshila m'nyumba ya mnansi. M'mawa mwake atsibweni anatenga thumba la adubu, feteleza uja, n'kumangirira luzi, n'kudzazamo zidutswa za njerwa, nadutsa pamaso pake. Pobwera mapewa anali atasupuka. Rozita anakatenga moshila yekha akulira, n'kuiponya pakhonde.

Sanagonje. Anawakweza shapa, minibasi ya kuno, mpaka kuchipatala ku Furancungo kuti a kumeneko akawaletse ndi pakamwa pawo. Namwino anawayeza tensau, kuthamanga kwa magazi, kawiri, n'kufunsa zaka zawo, n'kunena kuti mtima ukugunda bwino, apitirize kuyenda, koma miyala achepetse. Atsibweni anamva mbali yoyamba yokha, ndipo pobwerera anailalikira kwa onse amene anali mu shapa, wokhometsa ndi woyendetsa omwe.

Mdzukulu wawo atabatizidwa ku Tsangano anakana kukwera chilichonse. Anayenda pansi masiku atatu, akugona kwa abale m'njira. Miyala ya kwathu anakaitula pakhomo pa mkamwini wawo, ndipo pobwera anadzaza moshila ndi mbewu ya kachewere. Kachewereyo kuno sanachite bwino, koma iwo anati sanamutengere kudya, anamutengera kulemera.

Ndikukumbukanso tsiku limene profesori wina wachinyamata wa pa sukulu yathu anawapeza atakhala pa tchalitchi n'kuwaonetsa foni.

"Agogo, taonani. Ku mizinda ikuluikulu anthu ayamba zanu zija. Amagula moshila yapadera, n'kuikamo chitsulo, n'kumayenda kuti thupi lilimbe. Akuti anatengera kwa asilikali."

Atsibweni anaitalikitsa foniyo kuti aone bwino.

"Chitsulocho amachita kugula?"

"Amagula, agogo."

"Kwawoko miyala inatha?"

Tonse tinaseka. Iwo analoza ndi chala munthu wina pa chithunzicho, n'kunena kuti wamanga motsika, pofika masana chiuno chikhala chikulira. Kenako anafunsa kuti:

"Nanga akatopa amatula?"

"Ee, amatula. Ndi masewera chabe."

"Ndiye ali bwino," anatero, n'kubweza foni. Anayang'ana kwa ine pang'ono, ine n'kuyang'ana kumbali.

Ine sindinayendepo nawo. Ankafuula akudutsa pa mpanda wanga kuti, "Feliyasi, miyendo ikuuma!" ndipo ine ndinkayankha za chimfine, za ng'ombe, za mvula imene ikubwera. Chifukwa chenicheni ankachidziwa. Njira yawo inkadzera pakhomo pa a Nambewe, ndipo pokhapo ndi pamene ankachepetsa mapazi n'kuvula chipewa. Ine pakhomo pamenepo ndakhala ndikupalambalala zaka zoposa makumi atatu, ngakhale pamene kulambalalako kunkandidutsitsa m'matope.

Inali nkhondo yachiwiri ija, ya pachiweniweni. Anthu a mfuti anafika m'mudzi m'mawa n'kusonkhanitsa amuna khumi ndi anayi. Sindinena kuti anali a mbali iti. Amene analipo akudziwa kuti masiku amenewo aliyense wogwira mfuti ankafuna msana wa mnzake. Anatipatsa matumba a mchere kuti tikawafikitse ku msasa wawo kuseri kwa mapiri, ulendo wa masiku awiri. Atamva kuti atsibweni anapitako ku tropa, anawaika kukhala woyang'anira katundu. Iwo ndi amene anatimangira matumbawo ndi luzi kuti tibereke kumsana, poti njira inali ya m'nkhalango ndipo za pamutu zikanamakola m'nthambi. Pa mpumulo uliwonse tinkandandalika matumba pansi, iwo n'kumakweza limodzilimodzi, n'kuuza mkulu wa asilikaliwo kuti zonse zili bwino.

Tsiku lachiwiri luzi linali litandidya mapewa mpaka magazi, ndipo thukuta losakanizika ndi mchere linkalowa m'zilonda. Ndinali mnyamata wamphamvu kuposa ambiri pa mzerewo, choncho sindinganene kuti ndinalephera. Ndinangotopa. Titafika pa mtsinje ndinalowa m'mabango ngati ndikukadzithandiza, thumba lili kumsana. Ndinalimasula, n'kukhuthulira theka la mchere m'madzi, n'kudzazamo udzu wouma kuti lioneke lotupa ngati kale.

Pa mpumulo wa masana atsibweni anafika pa thumba langa. Atalikweza, dzanja lawo linapitirira m'mwamba. Sanandiyang'ane. Analibweza pansi pang'onopang'ono ngati lolemera, n'kupita pa lotsatira.

"Zonse zili bwino, shefi," anatero.

Kalisto anali mnzanga wa ku ubusa. Anali atangokwatira a Nambewe, ndipo anawasiya kumudzi ali ndi pathupi. Tsiku loyamba chitsa chinamubaya, phazi n'kutupa ngati dzungu. Ankatsalira m'mbuyo, ndipo tonse tinkadziwa zimene zinkachitikira munthu wotsalira. Ponyamuka, atsibweni anatenga thumba langa lopepuka lija n'kumubereketsa Kalisto, la Kalisto n'kundipatsa ine. Matumba anali ofanana, palibe amene anaona kusinthako. Pomanga luzi pachifuwa panga anakoka mwamphamvu, n'kundinong'oneza kuti:

"Wapuma mokwanira iwe. Tikayandikira msasa mubwezerana, za udzu wakowo tikaona komweko."

Kalisto atamva kupepuka kumsana anatembenuka n'kuwayang'ana atsibweni ngati waona mngelo. Anayenda bwino masana amenewo. Anafika mpaka pakati pa mzere.

Ku msasa sitinafike. Dzuwa lisanapendeke tinakumana ndi gulu lina la anthu omwewo litabwera kudzatichingamira, ndipo mkulu wawo analamula kuti matumba atsegulidwe pomwepo, aliyense ataima kumbuyo kwa lake. Mpeni utalowa m'thumba la Kalisto munatuluka udzu.

Anamufunsa kumene anabisa mchere. Iye anayang'ana atsibweni, kenako anayang'ana ine, poti anaona amene anasenza thumba lake. Sanatchule dzina la munthu. Mwina ankadikira kuti titsegule pakamwa tokha. Ine ndinayang'ana pansi, pa thumba lodzaza bwino limene linali patsogolo panga. Atsibweni anayamba kunena kuti, "Shefi, thumbali," koma wina anawagunda ndi mfuti pakamwa, mano awiri n'kugwa, ndipo sanapitirize. Tonse tinakwapulidwa, koma Kalisto anamumangirira ku mtengo. Zimene anamuchita sindilemba. Pamene ankatibweza kumudzi anali atasiya kubuula, ndipo sanatilole kumuika.

Kumudzi amuna oonetsa mikwingwirima yawo ankati Kalisto ndiye anatiputira, anataya mchere wa eni ake. Ine sindinavomereze ndipo sindinatsutse. Mwana amene a Nambewe anabereka kothawa nkhondo, Mateyu, anakula anzake akumutcha mwana wa wotaya mchere.

Za tsiku limenelo ine ndi atsibweni tinakambirana kawiri kokha. Koyamba kunali titabwerako ku Malawi, iwo atangoyamba zoyenda ndi moshila. Ndinawapeza kudimba akuthirira mpiru, ndipo ndinafunsa ngati miyala ija ankainyamula chifukwa cha Kalisto. Anakwiya mmene ndinali ndisanawaonere.

"Usandipake zimenezo. Miyala ndi ya maondo anga. Ukuganiza kuti munthu angabweze mnzake potuluka thukuta?"

"Ndimati mwina, atsibweni."

"Mbali yanga ndikuidziwa. Ndinakweza, ndinanama, ndinasintha. Yako ukanene wekha, uli ndi pakamwa. Ine sindidzakunenera."

Ndinawalonjeza kuti ndipita kwa a Nambewe tikakolola. Tinakolola kambirimbiri.

Kachiwiri kunali chaka chino, mvula ili mkati. Miyendo yawo inatupa mpaka mabota kukana kulowa. Masiku oyamba anayesa kuyenda ndi nkhwaira, moshila ili ndi mwala umodzi, koma anathera pa dimba. Kenako anagona. Rozita anabwera kuchokera ku Tsangano kudzawasamala, ndipo ulendo uno sanakangane nawo. Ndinakawaona masana ena atawagoneka pa mphasa pakhonde, Rozita atapita kumadzi.

"Feliyasi, pa khumi ndi anayi aja tatsala angati?"

"Awiri, atsibweni."

"Ndikapita ine sudzakhalanso ndi munthu wobisala kumbuyo kwake."

"Ndikuopa."

"Ukuopa chiyani, nkhalamba yonse iwe? Kuti akumenya? A Nambewe ali ndi nyamakazi, dzanja silikwera."

"Mateyu, atsibweni. Ndidzamuyang'ana bwanji?"

"Mateyu ali ndi ana amene ayamba kufunsa za agogo awo."

Anatsinzina, akupuma movutikira. Ndinaganiza kuti agona. Kenako analankhula maso ali otsinzina.

"Ndinkati mawa upita kwa a Nambewe, mawa upita. Matumba ndimawadziwa, koma iwe ndinakuyesa molakwa."

Anamwalira patapita masiku anayi, dzuwa lili pa liwombo.

Sindikufuna kuwayeretsa kuposa mmene analili. Akanaimirira pamaso pa mudzi n'kunena mbali yawo, dzina la Kalisto likanayera kalekale. Koma anthu akanafunsa mwini thumba, ndipo mwini thumba anali mwana wa mlongo wawo. Ananditchinjiriza pa mpumulo uja, n'kunditchinjirizanso zaka zonsezi, ndipo nthawi zonse ziwiri amene anavutika ndi a kwa Kalisto. Iwo ankadziwa zimenezi. Ndikukhulupirira kuti n'chifukwa chake anali waukali ndi ine ngakhale pa tinthu tating'ono, monga kamangidwe ka goli kapena kachedwedwe ka ku Misa.

Lolemba lapitali ndinapita kwa a Nambewe. Kawiri ndinabwerera panjira, kachitatu miyendo inandifikitsa. A Nambewe anali pakhonde akusankha nyemba pa lichero.

"Odi, amayi."

"Fikani, a Feliyasi. Njira ya kuno mwaikumbuka?"

Anandilozera mpando koma ndinakhala pansi. Ndinati, "Amayi, thumba la udzu lija linali langa," ndipo ndinafotokoza zonse, kuyambira m'mabango mpaka pa mtengo. Mawu ankandithawa, ndinkabwereza zimene ndanena kale. Iwo sanasiye kusankha nyemba. Nditamaliza anataya timiyala timene tinali m'dzanja mwawo, n'kupukuta dzanjalo pa chitenje.

"A Sandalamu anabwera kuno chaka chimene tinabwerako ku Malawi," anatero. "Anagwada pamene mwakhalapo. Anandiuza kuti thumba silinali la bambo a Mateyu, ndi kuti anasintha ndi iwo. Nditafunsa mwini thumba, anati mwini wake ali ndi pakamwa pake. Ndiye akamwalira mmodzi wa amuna a ulendo uja, m'mawa mwake a Sandalamu akamadutsa apa ndinkawafunsa kuti, mwini thumba akadali moyo? Iwo n'kuti alipo. Chaka cha dzana tinaika a Yeremiya, munatsala awiri. Ndinafunsanso. Anati alipo."

"Ndiye kuti mwakhala mukudziwa."

"Zaka ziwiri. Ku Misa ndimakhala kumbuyo kwanu, ndimakuonani nkhongo."

Ndinayamba kupempha chikhululukiro, koma anakweza dzanja pang'ono.

"Musathamange, bambo. Mwachedwa kale, musayambe liwiro lero. Ine Mateyu ndinamuuza ali mwana kuti bambo ake sanataye kanthu, koma mawu a mayi mwana amangoti ndi chikondi. Abwera Loweruka kuchokera ku Furancungo. Mudzanene pamaso pake, akulu a mpingo ali pomwepo. Zokhululuka tidzakamba iye atamva."

"Ndidzabwera, amayi."

"Tidzaona," anatero, n'kubwerera ku nyemba zawo. Sanandiperekeze.

Lero ndi Lachinayi. Mota ikalira kumsewu ndimatuluka kukasuzumira ngakhale ndikudziwa kuti tsiku silinakwane. Mateyu ndi munthu wamtali ngati bambo ake. Sindikudziwa chimene adzanene, ndipo palibenso wondikokera luzi pachifuwa n'kundiuza chochita.

Dzulo m'mawa ndinayenda njira ya atsibweni koyamba, chimanjamanja. Pakhomo pawo n'potseka. Moshila Rozita anapita nayo ku Tsangano, miyala anaikhuthulira kuseri kwa nkhokwe, ndipo nkhuku zayamba kuipalasira dothi. Kupitirira dimba njira yayamba kuchepa, chifukwa chigawo cha kuphiri ankayendamo ndi iwo okha. Udzu wa mbali ziwiri watsala pang'ono kukumana, ndipo mame anandinyowetsa mpaka m'maondo. Ndinapuma katatu ndisanafike pamwamba.

Pamwamba penipeni, pamene munthu amaona denga la a Nambewe ndi msewu wochokera ku Furancungo, ndinapeza chinthu chimene sindinkachidziwa. Pali mtengo wa msuku umene khungwa lake linaperepeseka mbali imodzi, pa msinkhu wa mapewa a munthu wamfupi. Ndiye kuti nawonso ankapuma, chiimire, moshila itatsamira mtengo, kumene kunalibe wowaona. Pansi pake pali timaenje tiwiri ta zidendene. Khungwalo layamba kale kuda, ndipo m'timaenjemo mwagwera masamba amene palibe wowaponda.